Ufa umene umadya chitsulo: zokwechera za lapping ndi mmene amazisankhira

Pali tizitsulo tina toyezera, totchedwa gauge block, timene mukatipukuta bwino n'kutitsetsereketsa kena pamwamba pa kanzake timagwirana ngati tamatidwa, chonsecho palibe guluu kapena maginito. Mutha kulumikiza tingapo, n'kunyamula mulu wonsewo mutagwira kamodzi kokha, ndipo sitigwa. Zimatheka chifukwa nkhope za tizitsuloti n'zathyathyathya ndiponso zosalala mwakuti pakati pake sipatsala mpata woti mpweya n'kulowa. Palibe mpeni wa makina kapena giraindala imene ingafikitse chitsulo pamenepo. Ntchito yotsirizayo imagwiridwa ndi ufa wosalala, wosakaniza ndi mafuta pang'ono, umene munthu wosadziwa angauyese litsiro.

Amene anayambitsa tizitsulo timeneti ndi Carl Edvard Johansson, yemwe ankagwira ntchito pa fakitale ya mfuti ku Eskilstuna m'dziko la Sweden. Anapanga gulu loyamba mu 1896, ndipo poti analibe makina oyenera, anasandutsa makina osokera a mkazi wake kukhala okwechera. Mu 1923 anakalowa ntchito kwa Henry Ford ku America, chifukwa fakitale yopanga magalimoto ambirimbiri singayende ngati choyezera cha m'chipinda china chikusiyana ndi cha m'chipinda china. Njira imene Johansson ankagwiritsa ntchito imatchedwa lapping, ndipo mpaka lero ndi imene imamalizitsa ma seal a m'mapampu, tizitsulo ta m'ma injector a dizilo, magalasi a makamera ndi timbale ta silicon topangira ma chip a kompyuta.

Lapping payokha ndi yosavuta kufotokoza. Mumatenga mbale yathyathyathya, n'kuwazapo ufa wokwechera wosakaniza ndi madzi kapena mafuta, n'kuikapo chinthu chofunika kusalazacho, kenako n'kumachiyendetsa pang'onopang'ono mosatsindika kwambiri. Kusiyana kwake ndi giraindala kapena sandipepala n'koti tinjere ta ufawo sitinamatidwe paliponse, timayenda momasuka pakati pa mbale ndi chinthucho. Pamene pali potukuka ndi pamene pamayamba kukhudza, choncho ndi pamene pamayamba kudyeka, mpaka nkhope yonse ifanane ndi mbaleyo. Poti liwiro ndi lochepa, sipakhala kutentha kopotoza chitsulo, ndipo poti chinthucho sichimangidwa zolimba, sichipindika n'kudzawongoka chikamasulidwa. Zimene zimachoka ndi zochepa kwambiri, nthawi zambiri ma micron ochepa kapena makumi angapo. Micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi ma micron 70. Mu 1927 F. W. Preston, amene ankafufuza za kupukuta magalasi, anasonyeza kuti kuchuluka kwa zimene zikudyeka kumayendera limodzi ndi mphamvu yotsindikira komanso liwiro. Lamuloli likugwirabe ntchito, koma silikuuzani ufa woti mugule, ndipo pamenepo ndi pamene pagona nkhani.

Ambiri akamva za zokwechera amaganiza kuti ufa wolimba kwambiri ndiye wabwino kwambiri, ndipo wosalala kwambiri ndiye womalizira bwino. Maganizo amenewa awonongetsa zinthu zambiri. Ufa umasankhidwa poyang'ana zinthu zingapo nthawi imodzi: kulimba kwake poyerekeza ndi chimene ukukadya, maonekedwe a tinjere take, mmene timaswekera tikapanikizika, kufanana kwa kukula kwake, ndiponso mbale imene ukagwirepo ntchito.

Tiyambe ndi mbaleyo, chifukwa imasintha khalidwe la ufa. Mwachizolowezi mbale imakhala yofewa kuposa chinthu chimene chikusalazidwa. Poyamba zimamveka zosemphana, koma chifukwa chake n'chomveka. Kanjere kakapanikizika pakati pa zinthu ziwiri, kamatitimira mu chofewacho n'kumakanda cholimbacho. Mbale zambiri ndi za cast iron, chitsulo chimene chili ndi timizere ta graphite m'kati mwake, timene timasiya timaenje tosunga ufa ndi mafuta. Zina ndi za mkuwa kapena tin, makamaka pomalizira ndi dayamondi. Tinjere tikamagubuduka momasuka, timagogoda nkhope ya chinthucho n'kusiya timaenje tosawerengeka, ndipo zotsatira zake ndi nkhope yotuwa, yosawala, koma yathyathyathya. Tikatitimira m'mbale n'kungotulutsa nsonga, timapala ngati timipeni, ndipo nkhopeyo imayamba kuwala. Ufa womwewo, pa mbale ziwiri zosiyana, umapereka nkhope ziwiri zosiyana.

Za kulimba, anthu ambiri amadziwa sikelo ya Friedrich Mohs ya mu 1812, imene imaika quartz pa 7, corundum pa 9 ndipo dayamondi pa 10. Sikelo imeneyi imangonena kuti uyu amakanda uyu, siyinena kuti amamuposa motani. Pa sikelo ya Knoop, imene imayeza polowetsa nsonga ya dayamondi m'chinthu, quartz ili cha m'ma 800, aluminium oxide (amene ndi corundum yemwe uja) cha m'ma 2,000, silicon carbide cha m'ma 2,500, boron carbide cha m'ma 2,800, cubic boron nitride cha m'ma 4,500, pamene dayamondi imafika 7,000 kapena kupitirira. Chitsulo cholimbitsidwa pamoto sichisiyana kwambiri ndi quartz. Apa zikuoneka kuti kuchoka pa 9 kufika pa 10 ndi mtunda wautali, komanso kuti pofuna kudya chitsulo simufunika kufika pamwamba penipeni. Chofunika n'choti ufa ulimbe kuposa chinthucho mokwanira kuti usafumbutuke usanagwire ntchito.

Kwa zaka zambirimbiri amisiri ankadalira zimene nthaka yapereka: mchenga, garnet, ndi emery, mwala wakuda wosakanikirana corundum ndi magnetite, umene unkakumbidwa kwambiri pa chilumba cha Naxos ku Greece. Vuto la miyala yachilengedwe n'loti thumba lililonse limabwera ndi khalidwe lake. Zinthu zinasintha mu 1891, pamene Edward Goodrich Acheson wa ku Pennsylvania, pofuna kupanga dayamondi, anatenthetsa dongo ndi makala a coke pogwiritsa ntchito magetsi. Dayamondi sinatuluke, koma anapeza timiyala tonyezimira tolimba modabwitsa, timene anatitcha carborundum. Imeneyi ndiyo silicon carbide. Pofika 1895 fakitale yake inali itasamukira ku Niagara Falls, kumene kunali magetsi ochuluka a mphamvu ya madzi, ndipo mpaka pano silicon carbide wambiri amapangidwa m'ng'anjo ya mtundu womwewo, potenthetsa mchenga ndi coke kupitirira madigiri 2,000.

Silicon carbide ali ndi tinjere tosongoka, takuthwa, tosachedwa kusweka. Kusweka kumeneku n'kumene kumamupatsa mphamvu, chifukwa kanjere kakasweka kamatulutsa nsonga zatsopano, ndiye ufawo umadzinola wokha uku ukucheperachepera. Amadya mwachangu cast iron, chitsulo cholimba, galasi ndi miyala. Alipo wakuda ndi wobiriwira, wobiriwirayo ndiye woyera bwino m'kapangidwe kake ndipo amakondedwa pa zinthu zolimba kwambiri. Choipa chake chimachokera pa ubwino wake womwewo: nsonga zakezo zimasiya timaenje takuya, makamaka pa galasi.

Aluminium oxide ndi wofatsa poyerekeza. Ndi mankhwala omwewo a corundum, koma opangidwa posungunula bauxite kapena alumina m'ng'anjo ya magetsi, ntchito imene inakula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 pa kampani ya Norton ya ku Worcester, Massachusetts. Tinjere take n'tokhuthala, sitisweka msanga, ndipo timadya pang'onopang'ono koma mosasiya mabala akuya. Pali mtundu wina wochititsa chidwi umene tinjere take n'taphanthiphanthi ngati timbale. Tikalowa pakati pa mbale ndi chinthucho timagona chafufumimba, ndipo m'malo mobaya timasenga ndi m'mphepete mwake. N'chifukwa chake opanga timbale ta silicon ndi opanga magalasi amaukonda pa gawo lomalizira la kukwecha. Mmisiri wopanga galasi la telesikopu amayamba ndi silicon carbide wokhakhala kuti akumbe galasilo, n'kumatsika nambala ndi nambala, koma akamayandikira kumapeto amasinthira ku aluminium oxide wa ma micron 25, 12 mpaka 5, ngakhale kuti silicon carbide wa kukula komweko alipo. Amasiya ufa wolimba n'kutenga wocheperapo mphamvu mwadala, kuti asadzavutike popukuta.

Amene anaonapo makanika akukwecha mavalavu a injini anaona lapping yeniyeni. Makanika amapaka phala lotuwa la silicon carbide pang'ono chabe m'mphepete mwa valavu, n'kuilowetsa pamalo pake, n'kugwira mutu wake ndi kamtengo kokhala ndi labala yomata. Amapotokola kamtengoko pakati pa zikhatho, uku ndi uku, kenako amanyamula valavuyo, n'kuitembenuza pang'ono, n'kuitsitsanso kuti phala lifalikire ndipo pasadyeke malo amodzi. Poyamba pamamveka kokoto wa mchenga. Pakapita kanthawi phokosolo limafewa, chizindikiro choti tinjere tasweka ndipo tatha mphamvu. Akapukuta amayang'ana mzere wotuwa wozungulira valavu yonse, wosadukiza ndiponso wofanana m'lifupi. Akauona amasiya pomwepo, chifukwa kupitiriza kumakumba ngalande. Ndiye amatsuka zonse mosamala, pakuti kanjere kotsalira kakalowa mu injini kamapitiriza ntchito yake pa pisitoni ndi ma bearing. Dziwaninso kuti mavalavu ena amakono ali ndi kachikuto kopyapyala kolimba pamwamba, ndipo opanga ake amaletsa kuwakwecha chifukwa phala limachotsa kachikutoko.

Zinthu zikalimba kupitirira apo, monga tungsten carbide, ceramic ndi sapphire, silicon carbide amafumbutuka asanachite kanthu. Pamenepo ena amatenga boron carbide, ufa wakuda wolimbirapo, koma ambiri masiku ano amangopita ku dayamondi. Dayamondi yopangidwa ndi anthu inayamba kupezeka pamene Tracy Hall wa ku General Electric anaipanga mu December 1954, ngakhale kuti akatswiri a kampani ya ASEA ku Sweden anali atapanga kale timiyala tochepa mu 1953 koma osalengeza. Lero pafupifupi ufa wonse wa dayamondi wa m'mafakitale ndi wopanga, si wokumba. Ulipo wa mitundu iwiri. Wina kanjere kalikonse ndi mwala umodzi wokhala ndi m'mphepete mochepa koma mwakuthwa. Wina umapangidwa ndi mphamvu ya zophulitsira, ndipo kanjere kake ndi mulu wa timiyala tating'onoting'ono tomatirirana, timene timagumuka pang'onopang'ono n'kumasiya nsonga zambiri zazifupi. Mtundu wachiwiriwu umadya mwachangu koma sukanda mwakuya, ndipo ndi umene umasankhidwa pa sapphire ndi zina zosachedwa kung'aluka.

Pali mfundo imene imasokoneza anthu pa dayamondi ndi chitsulo. Amamva kuti dayamondi siyenera pa chitsulo, ndipo n'zoona pa giraindala yothamanga, chifukwa pakatentha kwambiri carbon wa m'dayamondi amalowerera m'chitsulo ndipo mwalawo umatha msanga. Mpata umenewu unatsekedwa ndi cubic boron nitride, amene Robert Wentorf anapanga mu 1957, nayenso ali ku General Electric. Koma lapping ndi ntchito yozizira. Phala la dayamondi limapukuta bwino chitsulo cholimba, ndipo opanga zikombole za pulasitiki amalidalira kuti afikitse chitsulo powala ngati galasi loyang'anira.

Tsopano tembenuzani nkhaniyi. Bwanji ngati chinthu chofunika kusalaza ndi chofewa, monga brass, bronze kapena aluminiyamu? Lamulo lija loti kanjere kamatitimira mu chofewa silisintha, ndiye tinjere timalowa m'chinthu chimene mukukonzacho. Mukatsuka sitichoka. Bush ya bronze (mphete imene shafiti imazunguliramo) imene yakwechedwa ndi silicon carbide kapena dayamondi imasanduka yokha mbale yokwechera, ndipo ikaikidwa m'makina imadya shafiti tsiku ndi tsiku mpaka zonse zitagwedera. Pa ntchito yotereyi ufa wofooka ndiye woyenera: garnet, kapena mitundu ina yopangidwa mwadala kuti inyenyeke n'kusanduka fumbi lopanda mphamvu ikangogwira ntchito kwa kanthawi. Kwa ine, apa ndi pamene pamaonekera mmisiri wodziwa ntchito yake, chifukwa pamafunika kukana chida champhamvu chimene chili pafupi n'kutenga chofooka, poganizira zimene zidzachitike miyezi ikubwerayo makina ali pa ntchito.

Nambala za pa chitini nazo zimafuna kusamala. Ufa wokhakhala amausefa ndi masefa a waya, ndipo nambala yake imagwirizana ndi kuchuluka kwa mabowo a sefayo. Ufa wosalala kwambiri sungasefedwe motero, amaulekanitsa m'madzi. George Stokes anasonyeza mu 1851 kuti kanjere kakakula kawiri kamamira mofulumira kanayi, koma amisiri ankagwiritsa kale ntchito nzeru imeneyi asanaidziwe m'masamu. Ankavundula emery m'madzi, n'kudikira mphindi zowerengeka, n'kutsanulira madzi a pamwamba m'chotengera china, ndipo ufawo ankautchula potengera mphindi zimene wakhala ukuyandama. Emery wa mphindi 60 anali wosalala kuposa wa mphindi 5. Lero pali miyezo yolembedwa, koma ilipo ingapo ndipo siigwirizana. Bungwe la ku Ulaya la FEPA lili ndi nambala zoyamba ndi F za ufa womasuka ndi wa miyala yonolera, komanso zoyamba ndi P za sandipepala. F1200 ndi pafupifupi ma micron 3, pamene P1200 ndi pafupifupi ma micron 15. Nambala ndi imodzi koma kukula kukusiyana kasanu. Japan ndi America alinso ndi miyezo yawo. Njira yosasocheretsa ndiyo kufunsa kukula kwake m'ma micron, monga mmene ufa wa dayamondi umagulitsidwira. Mtundu wa phala la dayamondi, kaya lofiira kaya lachikasu, musaudalire, chifukwa kampani iliyonse imapaka utoto wake.

Ngakhale nambala ya ma micron imangonena za kanjere ka pakatikati. M'chitini cholembedwa ma micron 9 muli tina ta 6 ndi tina ta 13. Pakati pa mbale ndi chinthu cholimba, tinjere tikulutikulu ndi timene timasenza katundu yense, ting'onoting'ono timangoyandama m'mafuta. Choncho nkhope imene mupeze imalamulidwa ndi tinjere tikulutikulu, ndipo ufa wabwino umadziwika ndi kusowa kwa tinjere topitirira muyezo. Kanjere kamodzi kokhakhala kochokera pa gawo lapitalo, kobisala m'chikhadabo, m'nsalu yopukutira kapena m'ngalande ya mbale, kamatha kulemba mzere umodzi wautali pa nkhope imene yatenga maola kuti ifike pamenepo, ndipo mankhwala ake ndi kubwerera m'mbuyo magawo awiri kapena atatu. N'chifukwa chake malo ochitira lapping yabwino amakhala ndi mbale yakeyake pa ufa uliwonse, zitini zotseka, ndiponso lamulo losamba m'manja ndi kutsuka chinthucho musanasinthe nambala. Munthu wobwera kumene amaona ngati n'kukokomeza, mpaka tsiku limene adzaone mzere woterowo ndi maso ake.

Chifukwa chotsikira pang'onopang'ono, osalumpha kuchoka pa ufa wokhakhala kufika pa wosalala, chili pansi pa nkhope pamene maso saona. Pa galasi, ceramic ndi silicon, kanjere kakagogoda sikangochotsa kachidutswa, kamasiyanso timing'alu tolowa pansi, takuya kuposa timaenje tooneka pamwamba. Pa chitsulo pamatsala kachigawo kopanikizika kamene kasintha khalidwe. Gawo lililonse la kukwecha liyenera kuchotsa zonse zimene gawo lapitalo linawononga, zooneka ndi zosaoneka zomwe. Mukafupikitsa, nkhope imawala bwinobwino koma timing'alu tili chikhalire, ndipo timadzaonekera galasi likatentha, likalowa m'mankhwala kapena likasenza katundu. Ambiri amatsika pochepetsa kukula kwa ufa ndi theka kapena kupitirira pang'ono pa gawo lililonse.

Madzi kapena mafuta osakanizira aja nawo ali ndi ntchito. Amanyamula ufa n'kuufalitsa, amachotsa zinyenyeswa, ndipo amaletsa tinjere kuundana. Akakhuthala kwambiri chinthucho chimayandama ndipo sichidyeka, akachepa chimakhudzana ndi mbale n'kukandika. Ufa ukachuluka pa mbale umaunjikana kutsogolo kwa chinthucho n'kudya m'mphepete, ndipo ngodya zimene zimayenera kukhala zakuthwa zimatuluka zozungulira. Pa lapping ya pamanja, kaufa kochepa koti mbale ingooneka yotuwa n'kokwanira.

Gawo lomaliza, lopukuta, ndi limene limagwetseratu maganizo aja oti kulimba ndiye zonse. Galasi silipukutidwa ndi dayamondi kawirikawiri. Limapukutidwa ndi cerium oxide, ufa wotuwira kapena wofiirira umene kulimba kwake sikuposa kwenikweni galasi lenilenilo. Chimachitika n'choti madzi amafewetsa kachigawo kopyapyala kwambiri pamwamba pa galasi, kanjere ka cerium oxide kamagwirana ndi kachigawoko mwa mankhwala, ndipo kakamasuntha kamachoka nako. Sikakumba, choncho sikasiya ming'alu. Mukachotsa madzi n'kuikapo mafuta, ntchitoyo imafooka kwambiri, umboni woti nkhani si kukanda chabe. Cerium oxide asanafale cha m'ma 1930 ndi 1940, opanga magalasi ankagwiritsa ntchito rouge, ufa wofiira wa iron oxide, umene umachedwa komanso umadetsa chilichonse, ngakhale kuti osula golide ndi siliva amaukondabe. Mbale yake pa gawo limeneli imakhalanso yofewa: nsalu, pulasitiki ya timabowo, kapena phula lakuda la pitch, limene Isaac Newton ankapukutira nalo magalasi achitsulo a telesikopu yake m'zaka za m'ma 1600. Pitch amayenderera pang'onopang'ono n'kutenga maonekedwe a galasilo, ndipo tinjere timamira mmenemo mpaka nsonga zonse zitalingana. Cerium ndi mmodzi wa miyala yotchedwa rare earth, ndipo wambiri amachokera ku China, makamaka ku mgodi wa Bayan Obo. Dzikolo litachepetsa zotumiza kunja mu 2010, mafakitale ambiri a magalasi anayamba kusefa ndi kugwiritsanso ntchito madzi awo opukutira m'malo mowataya.

Pa timbale ta silicon nzeru yomweyi inapita patali. Chomalizira chake ndi colloidal silica, timibulu ta mankhwala omwewo a mchenga, tating'ono kwambiri moti 10 kapena kuposerapo tingandandalike mu micron imodzi, toyandama m'madzi a alkali. Silica ndi wofewa kuposa aluminium oxide, silicon carbide ndi dayamondi. Madziwo ndi amene amafewetsa pamwamba pa silicon, timibuluto timangosesa chofewacho, ndipo nkhope yotsalayo imakhakhala mosakwana nanometer imodzi, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 1,000 a micron. M'zaka za m'ma 1980 kampani ya IBM inatengera njirayi m'kati mwa kapangidwe ka ma chip, kuti izisalaza chigawo chilichonse isanamange china pamwamba pake, ndipo popanda zimenezi ma chip a zigawo zambiri a masiku ano sakanatheka. Pa chitsulo, womalizira wofatsa ndi chromium oxide wobiriwira, amene amapakidwa pa chikopa chonolera malezala, ndipo ku Russia amadziwika ngati phala la GOI, potengera dzina la bungwe lofufuza za magalasi la ku Leningrad limene linalikonza.

Chenjezo limodzi liyenera kunenedwa mosabisa: kuwala si umboni wa kulondola. Chitsulo chingawale ngati kalirole koma chili chopindika, ndipo nkhope yotuwa yochokera pa mbale ya cast iron ingakhale yathyathyathya kuposa yonyezimira yochokera pa nsalu, chifukwa nsalu imatsata zitunda ndi zigwa m'malo mozichotsa. Amisiri amayeza ndi galasi lathyathyathya lotchedwa optical flat pansi pa nyale ya mtundu umodzi wa kuwala. Akaliika pa chinthucho pamaoneka mizere yakuda ndi yowala. Ikawongoka ndiye kuti nkhope ili bwino, ikakhota ndiye kuti pali chitunda kapena chigwa, ndipo pa nyale ya helium mzere umodzi umaimira pafupifupi 0.29 ya micron. Nkhope za ma seal a m'mapampu nthawi zambiri zimafunika kukhala m'kati mwa mizere iwiri kapena itatu kuti madzi asadutse. Telesikopu ya Hubble, imene inatumizidwa m'mlengalenga mu 1990, inali ndi galasi la mamita 2.4 lopukutidwa mwaluso kwambiri, koma m'mphepete mwake linadyeka mopitirira ndi ma micron pafupifupi 2, chifukwa chida choyezera chinali chitaikidwa molakwika. Zithunzi zinkatuluka zosaoneka bwino mpaka akatswiri atapita kukaikamo magalasi owongolera mu December 1993.

Mbale nayo imadyeka, poti ufa susankha. Mukamakwecha pakati pokha, mbale imakumbika pakatipo ndipo chilichonse chochokapo chimatuluka chotukuka. Wokwecha pamanja amayendetsa chinthucho molemba nambala 8, akusinthasintha malo ndi kuchitembenuza m'manja kuti mbale yonse ithe mofanana. Pa makina pamakhala mphete zolemera zachitsulo zimene zimazungulira pa mbale nthawi yonse, ndipo kuzisunthira m'kati kapena kunja pang'ono kumabweza mbale imene yayamba kukumbika kapena kutukuka. Mbale ikawonongeka ndipo palibe ina yolondola yoyerekezera, pali njira yakale imene Joseph Whitworth anaifalitsa ku England m'zaka za m'ma 1830. Mbale ziwiri zokha zikakwechana zimatha kugwirizana bwino ina ili yokumbika ina yotukuka. Zikakhala zitatu, n'kumazikwechanitsa mosinthana, yoyamba ndi yachiwiri, yachiwiri ndi yachitatu, yachitatu ndi yoyamba, sizingagwirizane zonse pokhapokha iliyonse itakhala yathyathyathya.